Clarinda Usamuphe

Boston, 2 Disembala 1797

Okondedwa Azakhali a Hepsa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi bondo lanu lija, pamodzi ndi amayi ndi onse a ku Nantucket. Ine kuno ndili bwino mopyola muyeso, moti dzulo ndinasokerera riboni kutsogolo kwa chipewa cha mayi wina m'malo mwa kumbuyo, ndipo pamene amandikalipira ine n'kumangoseka.

Khalani pansi kaye. Mumgolo wa ufa umene ndatumiza pa ngalawa ya makalata, mupise dzanja mpaka pansi, mupeza kanthu kokulunga m'nsalu. Musatsegule amayi ali pomwepo. Ndi buku, ndipo ndalemba ndine, Azakhali, ine Merab Paddack yemwe munkamutsina khutu chifukwa chosinza popemphera. Dzina langa palibe, angolemba kuti "Mayi wina wa m'dziko lino," koma mawu onse ndi anga. Mutu wake ndi Misozi ya Clarinda. Limenelo ndi gawo loyamba, lachiwiri ndikulembabe.

Wasindikiza ndi Asa Tilden. Eya, ndafika pamene pagona nkhani. Munthuyu ndi wamtali ngati mlongoti wa ngalawa, makutu ake ndi otambalala, ndipo zala zake sizidzayeranso ndi inki mpaka tsiku lachiweruzo. Sabata yatha tikuona zolakwika patsamba lina anangoti, "Merab, tsamba ili lili bwino. Undilole ndikukwatire." Ine ndinati, "Silili bwino, taonani apa mwasiya chilembo." Anakonza kaye chilembocho n'kufunsanso. Ndinamuuza kuti zipewa sindisiya, cholembera sindisiya, ndipo tsiku limene adzayambe kundilamula ngati wantchito ndidzakwera ngalawa kubwerera kwathu. Iye ati, "Chabwino, koma undiuziretu kuti ndidzakunyamulire sutikesi." Munthu wotere ungamukane bwanji? Ndamulola. Ndimamukonda, Azakhali, ndimamukonda mpaka makutu akewo.

Tsono chovuta mukuchidziwa kale. Asa si wa mpingo wathu wa Abwenzi. Amapemphera kwa abusa ovala mkanjo, pamene ife tilibe abusa, timangokhala chete kudikira Mzimu. Ndikudziwa kuti wokwatiwa kunja amadulidwa mumpingo, ndipo aliyense wopita ku ukwati wotere amadulidwanso. Kudulidwa kwangako ndingapirire. Chimene chikundidya mumtima ndi amayi. Atate akadali kunyanja kusaka anangumi, chaka chino sabwera, ndiye mawu onse ali ndi amayi. Akandikana iwowo, ukwatiwo sundikomera.

Musawauze kanthu. Mungowaonera kaye mmene mtima wawo ulili, mundilembere. Mundiuzenso ngati mphaka uja anabereka.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Merab


Nantucket, tsiku la 14 la Mwezi wa 12, 1797

Merab mwana wa mchimwene wanga,

Moni wake ndi wachidule. Bondo likupweteka, mphaka anabereka, ndipo Disembala wakoyo ife sitimudziwa, miyezi timaiwerenga ndi manambala monga unaphunzitsidwira. Koma zimenezo ndi zazing'ono lero.

Kalanga ine, mwana iwe, unalekeranji kunena msanga? Buku ndalipeza. Ndawerenga lonse m'kachipinda kosungira makandulo, nditalivundikira ndi epuloni, ndipo ndalira mpaka ufa umene unali pamasamba wasanduka phala.

Ine chibadwire ndawerengapo Baibulo ndi mbiri za Abwenzi oyenda kulalikira basi, ndipo mabuku amenewo sanama. Lakoli patsamba loyamba palembedwa kuti "nkhani yochitikadi." Wanena wekha kuti walemba ndiwe. Ndinakulera ndine, ukhoza kunama za uchi wa mumtsuko koma sunganame buku lathunthu. Wangosintha maina, ukuyesa sindikuzindikira? Clarinda ndi wa pachilumba. Clarinda amasoka zipewa m'tauni. Mayi ake a Clarinda amagulitsa makandulo ndipo amatsokomola kawiri asanakane chinthu. Ndani pa Nantucket pano sadziwa chifuwa cha mlamu wanga Dinah? Ndipo Kaputeni Ashby wonyengerera atsikana uja ndi Asa wakoyo, wangomuchepetsa makutu.

Taonani kupanda manyazi kwa mwamuna ameneyu. Wakuwononga, kenako n'kusindikiza nkhani yonse, dzina lake n'kuliika m'munsi mwa tsamba, ngati galu woba nyama woyenda fupa lili kukamwa.

Tsono patsamba lomaliza Clarinda ali ndi pakati, waima m'chipale pakhomo la mayi ake, akugogoda, mayi ake n'kutseka chitseko. Buku n'kuthera pomwepo. Undiuze mosabisa: ndi ya miyezi ingati? Ukudya? Nsapato zolimba uli nazo?

Unati ndisauze mayi ako. Chinsinsi ndinachisunga ndithu, kuyambira m'mawa mpaka chakudya chamasana. Kenako chinangotuluka chokha m'sitolo, ine ndikulira mokweza, osaona kuti kuseri kwa migolo kuli Judith Worth, mlembi wa msonkhano wa amayi, akusankha makandulo. Makutu a mayi uja amamva ndi nyerere yomwe ikamayenda. Pano msonkhano wasankha anthu awiri oti abwere adzakulangize, Judith ndi ine. Judith wati nyanja ya nyengo yozizira sakwera. Ine ndikwera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndayamba kuluka tizovala. Usachite chilichonse choopsa ndisanafike.

Azakhali ako osweka mtima,
Hepsibeth Paddack


Nantucket, tsiku la 15 la Mwezi wa 12, 1797

Merab,

Tili moyo. Ndikhulupirira nawenso.

Azakhali ako andiuza zambiri, zina zomveka, zina zosamveka chifukwa cha kulira. Buku andipatsa. Sindinalitsegule ndipo sinditsegula. Lili pansi pa sikelo.

Za mimba ndimva kwa iwe mwini. Za mwamuna wa kunjayo yankho langa ukulidziwa. Ukakwatiwa naye udulidwa. Udzaloledwa kulowa kudzapemphera, koma akamatsitsa matabwa ogawa amuna ndi akazi kuti tiyambe kukamba za mpingo, iwe udzanyamuka n'kutuluka wekha, anthu onse akuyang'ana, ine nditakhala pa benchi la akulu kutsogolo. Ku ukwatiwo sindingapondeko. Ndakhala ndikuyendera ana a eni kuwachenjeza zomwezi, sindingasinthe lamulo chifukwa lafika pakhomo panga.

Bwerera kuno. Bedi lako lilipo.

Mayi ako,
Dinah Paddack


Boston, 8 Januwale 1798

Azakhali anga okondedwa,

Moni, ndipo pepani bondo. Makalata anu awiri, yanu ndi ya amayi, abwera pa ngalawa yomaliza. Yanu ndawerenga nditaimirira, ndamaliza nditakhala pansi penipeni, nthiti zikupweteka. Asa anayesa ndakomoka.

Azakhali, mimba ndilibe. Ndilibe ngakhale pang'ono. Clarinda kulibe, Kaputeni Ashby kulibe, onsewo ndinawapeka m'mutu mwanga ndikusoka zipewa. Kuno mabuku otere alipo ambirimbiri, atsikana amabwereka n'kumawerenga mobisa. Mawu oti "nkhani yochitikadi" osindikiza onse amawaika, chifukwa akapanda kutero abusa amati bukulo ndi la Satana. Chilumba ndi makandulo ndinatenga kwathu chifukwa ndi zimene ndikudziwa. Asa sangakwanitse kunyengerera ngakhale nkhuku. Nditamuwerengera kuti iye ndiye Kaputeni, wakhala tsiku lonse akuyenda chonyang'wa, akugwedeza ndevu zimene alibe.

Kalata ya amayi yokha sindinaseke nayo. Ndaipinda, ili m'thumba la epuloni, ndipo ndikaikhudza mtima umawawa.

Palinso ina. Abusa a mpingo wa Asa awerenga gawo loyamba, atiitana. Ati nkhani ndi yabwino, yophunzitsa, koma m'gawo lachiwiri Clarinda afe. Afe akulapa, ali yekha, kuti atsikana aone malipiro a kusamvera. Akafa, iwo adzamanga ukwati wathu ndipo sadzalalikira zonyoza bukulo. Akakhala moyo, tisawafunenso. Ndinafunsa kuti nanga Kaputeniyo afe nayenso? Ati ameneyo akhoza kungochita manyazi pang'ono. Ndiye onani mmene zilili: kwathu akufuna kudula ine, kuno akufuna kupha Clarinda. Aliyense akufuna mtsikana wake woti amugoneke pansi.

Musabwere, chonde, nyanja ndi yoipa. Ndamva kuti doko lanu laundana ndipo ngalawa zaleka kuyenda, moti kalata ino ikhala kudoko kuno mpaka madzi asungunuke. Ndikupemphera ikupezeni musanamange katundu. Kuluka musiye.

Wanu wopanda mimba,
Merab


Boston, tsiku la 20 la Mwezi wa 2, 1798

Alamu anga a Dinah,

Ndikupatsani moni kuchokera ku Babulo. Ndafika bwino. Madzi atangosungunuka ndinakwera ngalawa yoyamba monga munaonera, ndipo ndinasanza njira yonse. Ati panjira tinasemphana ndi ngalawa ina imene inanyamula kalata ya Merab yolembera ine. Ikakhala kuti yafika, tsegulani muwerenge. Ikanandipeza ndili kumeneko, bwenzi nditapewa manyazi amene ndikuuzeniwa.

Nditatsika sindinafunse ngakhale madzi akumwa. Ndinalunjika kosindikizira mabuku, mtolo wa tizovala kudzanja lina, ambulera kudzanja lina. Ndinapeza chimunthu chachitali chitanyamula thireyi ya tizitsulo ta zilembo.

Ndinati, "Ndiwe Kaputeni?"

Iye ati, "Ine ndine Asa, mayi."

Ndinati, "Eya, ndiwe amene," n'kumutsitsa ambulera paphewa, chifukwa pamutu sindikanafika. Ndikudziwa kuti ife Abwenzi sitimenya munthu, alamu, ndipo ndalapa kale. Thireyi inagwa, tizitsulo tonse mbwee pansi ngati nandolo. Iye osathawa, anangoti, "Mukhala ndinu Azakhali a Hepsa. Takulandirani."

Pomwepo analowa Merab, wowonda ngati kandulo. Ndinamugwira pamimba anthu akuona. Gwa, palibe kanthu.

Ndinati, "Mwana ali kuti?"

Iye ati, "Ali patsamba lomaliza, Azakhali."

"Ndiye unandinamiza?"

"Sindinaname, ndinapeka."

"Zikusiyana pati?"

Ati, "Munthu ukamunamiza amakwiya. Ukamupekera amafunsa kuti kenako zinatha bwanji."

Ndinafuna kumukalipira, koma alamu, chimene ndinkafunitsitsa kufunsa kuyambira ndili m'ngalawa n'chomwecho. Ndinangokhala pa mpando n'kuyamba kuseka, tizovala tili pamiyendo, mpaka misozi. Ndikukuuzani, chibadwire sindinakondwepo choncho. Mwana wathu ali bwinobwino.

Chilango changa ndinadzipatsa ndekha. Ndakhala masiku angapo ndikutola tizitsulo tija n'kumatibwezera chilichonse m'kabokosi kake, Asa ali pambali. Ndamuona bwino mnyamatayu. Samwa, satukwana, ndipo Merab akamutsutsa amamvetsera mpaka amalize. Amuna otere ngakhale pa benchi lathu ndi owerengeka. Cholakwa chake ndi makutu ndi mkanjo wa abusa ake basi.

Ntchito imene msonkhano unandituma ndagwira, musati ndinaiwala. Ndinamuuza Merab kuti asiye mwamunayu, kapena akakwatiwa adzalembe pepala lovomera kulakwa, lidzawerengedwe pamaso pa amayi onse, mwina adzamukhululukira. Anandiyankha kuti, "Azakhali, m'buku ndimapeka, koma pamaso pa Mulungu sindingalembe kuti ndikumva chisoni pamene sindikumva. Munandiphunzitsa ndinu." Ndinamuphunzitsadi ndine.

Dzana kunabwera abusa a mpingo wa Asa kudzafunsa ngati Clarinda wafa. Amafuna afe, apo ayi samanga ukwati. Ine sindinaonepo m'busa pafupi choncho, amanunkhira sopo wabwino. Ndinati, "Bambo, mtsikanayu anakulakwirani chiyani?"

Ati, "Mayi, musatekeseke, ameneyu ndi wa m'buku chabe."

Ndinati, "Ngati ndi wa m'buku chabe, mukumufuniranji imfa ndi mtima wonse chonchi? Mwabwera wapansi m'matope onsewa kudzafunsa maliro a munthu woti kulibe?"

Anayang'ana ambulera yanga n'kutsanzika. Asa wati asadandaule Merab, abusa akakana apita kwa woweruza, nayenso amamanga maukwati, ndipo Asayo asindikiza chilichonse chimene Merab alembe, ngakhale mabukuwo atsale osagulidwa adzakolezere moto.

Koma alamu, apa ndiye ndileke nthabwala. Gawo lachiwiri laima. Mwanayu amakhala pa tebulo cholembera chili m'manja, osalemba. Ndinamufunsa kuti bwanji, popeza palibe womuletsa. Anati, "Kumupha sindikufuna. Koma kuti akhale moyo, chitseko chija chiyenera kutseguka, ndipo ine sindikudziwa ngati chimatseguka. Ndayesa kulemba, sizikumveka zoona." Atatero analira, ndipo kulira kwake sikunali kwa m'buku.

Ukwati ndi wa sabata yachiwiri ya Mwezi wa 4. Ine ndipitako. Ndikudziwa kuti Judith adzandidula, koma bondo langali latopa kale ndi benchi lolimba lija. Inu sindikukuuzani chochita. Ndinu ouma mutu kuposa mchimwene wanga, ndipo iyeyo amalimbana ndi anangumi.

Mphaka muzimupatsa mitu ya nsomba, osati mkaka wokha.

Mlamu wanu,
Hepsibeth

Amayi, ndine Merab, Azakhali andisiyira kampata m'munsi muno. Sindikukupemphani kuti muswe lamulo lanu. Ndingofuna mudziwe kuti sindinachoke kwa Mulungu ndipo sindinachoke kwa inu. Ndakusowani kwambiri.


Nantucket, tsiku la 9 la Mwezi wa 3, 1798

Merab mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa azakhali ako ndi ambulera yawo, ndi kwa mnyamata amene anamenyedwayo. Kuno tili bwino. Mphaka akudya mitu ya nsomba.

Kalata yako ya kwa azakhali ako inafika iwo atanyamuka kale, ndipo ndinawerenga. Ya iwowo yafikanso. Pa nkhani ya Kaputeni ndi tizitsulo ndinaseka ndili ndekha m'sitolo, moti mkazi wa Coleman, woyandikana nafe uja, anasuzumira pazenera kuyesa ndadwala.

Ndinati buku lako sinditsegula. Ndatsegula. Sikelo inkapendekeka nalo, ndinangoti ndilichotsepo, basi tsamba loyamba n'kundigwira. Ndinawerenga pakati pa ogula, ndipo tsiku limenelo ndinapatsa munthu makandulo a mafuta a nkhosa atapempha a nangumi, chinthu chimene sindinachitepo. Umalemba bwino. Sindikudziwa ngati ndi tchimo, koma umalemba bwino.

Azakhali ako analakwitsa zonse kupatula chimodzi. Clarinda si iwe, Kaputeni si Asa, koma mayi uja ndine. Epuloni ndi yanga, chifuwa ndi changa, ngakhale mmene amapukutira sikelo. Ndinkamwetulira pomuona, mpaka ndinafika patsamba lomaliza. Mwana wanga, unandiyang'ana zaka zonsezi, unaloweza ndi katsokomoledwe kanga komwe, ndipo utafuna kulemba chimene ndingachite mwana wanga atagogoda m'chipale, unalemba kuti ndinatseka. Zinandipweteka kwambiri. Ndinafuna kunena kuti wandinamizira. Kenako ndinakumbukira kalata imene ndinakulembera Mwezi wa 12.

Dzulo kunabwera Judith Worth. Wamva kuti Hepsibeth, amene anatumidwa kukakubweza, wasanduka wophika makeke a ukwati. Anati dzina la Hepsibeth aliika kale pa nkhani za mwezi wamawa, ndipo anafuna ndimulonjeze pamaso pake kuti ine sindiponda m'ngalawa, kuti atsikana a pachilumba aone kuti akulu sagwedezeka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, n'kutsokomola kawiri. Judith sanadikire mawu. Anangoyamba kumanga zingwe za chipewa chake n'kunena kuti, "Dinah, wadziponya wekha." Ndinati, "Ndamva, Judith. Makandulo ako aja ndakukulungira, usaiwale."

Usayese kuti n'zopepuka kwa ine. Pa benchi lija ndakhalapo kuyambira iwe ukukwawa. Ndimaukonda mpingo wathu, ndimakonda chete wake, ndipo tsiku limene adzawerenge dzina langa ndidzalira. Koma ndakhala chete nthawi yaitali pamaso pa Mulungu ndikufunsa za nkhaniyi, ndipo chimene ndamva si chimene Judith wamva. Atate ako akadzakocheza adzapeza mkazi, mlongo ndi mwana onse odulidwa, adzayesa asochera chilumba. Ameneyo ndidzathana naye ndine.

Ndikwera ngalawa ya kumayambiriro kwa Mwezi wa 4. Ndibweretsa bokosi la makandulo abwino a ukwati. Umuuze Asa adzandichingamire kudoko, ndidzamuzindikira ndi makutu, ndipo asaope, ine ambulera ndilibe. Tizovala tija azakhali ako asataye, tidzagwira ntchito nthawi yake ikadzakwana. Ukadzabwera kudzacheza kuno tidzapita kukapemphera, ndipo akadzatsitsa matabwa sudzatuluka wekha. Tidzatuluka atatu mondondozana ngati abakha, azakhali ako akutsimphina kumbuyo.

Tsono tenga cholembera. Mtsikana uja waima m'chipale nyengo yonse yozizira, ndipo usamuphe, kaya abusa anene zotani. Ulembe kuti anagogodanso. Ulembe kuti mayi ake anatsokomola kawiri, n'kutsegula.

Ndine mayi ako,
Dinah Paddack